Malo a Wezi pa Mkuwa wa Bambo Ake

A Boniface Nyirenda a ku Chibanja ndi munthu wa dzanja labwino koma wouma mtima. Ali mnyamata, wansembe wina wachizungu anawaonetsa zithunzi zakale za ku Ulaya, za Yesu ndi oyera mtima, n'kuwaphunzitsa mmene ankazipangira. Umapaka phula pa mkuwa wosalala, kujambula ndi singano, kenako kuuviika mu asidi kuti adye mizereyo. Ukapaka inki n'kupanikizapo pepala, chithunzi chatuluka. Ntchito imeneyi yawadyetsa zaka makumi anayi, ndipo amakonda kunena kuti chimene asidi wadya sichifufutika.

Mwana wawo Wezi atatenga mimba ali Fomu 3, mkuluyo anasiya kumuyankhula. Zaka ziwiri m'nyumba imodzi, osamupatsa ngakhale monire. Wezi ankawachapira, kuwaphikira, akudikira mawu amodzi okha osonyeza kuti amukhululukira.

Chaka chatha akutchalitchi anawapempha chithunzi cha Tsiku la Chiweruzo choika pa kalendala. A Boniface anajambula Yesu pakati atatambasula manja, anthu uku ndi uku, nkhope n'kutengera za akhristu anzawo. Tsiku lina Wezi akusesa anapeza mkuwawo patebulo usanaviikidwe. Pa mkuwapo anadziona ali ndi mwana kumbuyo, ataima kudzanja lamanja la Yesu, kwa odalitsika. Misozi ili mbwembwembwe, anakagwada pamaso pa bambo ake.

"Yewo chomene, adada," Wezi anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo.

A Boniface anangomuyang'ana, n'kutola mkuwawo kukauviika mu asidi. Sanamuuze chimene wosindikiza aliyense amadziwa, kuti pepala limatembenuza zonse, chakumanja pa mkuwa chimatulukira kumanzere. Nkhanza zina, anthuni, sizifuna ndodo.

Sabata yonse Wezi ankaimba pochapa. Anauza anzake akale a kwaya, anauza ndi aneba omwe. Lamulungu anavala chitenje chatsopano, n'kukakhala kutsogolo m'tchalitchi, kumene anasiya kalekale kukhalako.

Makalendala atagawidwa, manong'onong'o anayambira kumbuyo. Akuluakulu a mpingo onse anali kumanja kwa Yesu. Wezi anadzipeza kumanzere, kwa otembereredwa, ndi mwana wake yemwe. Manyazi anamugwira, komabe anacheuka kufuna maso a bambo ake, poganiza kuti mwina mkuluyo analakwitsa. Iwo anali atavala magalasi, atakwezera pepalalo kuwindo, akugwedeza mutu mokhutira kuti mizere yonse yatuluka bwino.