Mbewu ya Atate ndi Munthu wa M'foni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene mvula inadula chimanga chitangomasula. Tinkakhala kwawo kwa amayi, chakumpoto kwa Nambuma, kumene atate anali mkamwini. Dzuwa lisanafike potentha kwenikweni, nkhokwe yathu inali itayera. Munkangoikira nkhuku.

M'khitchini, pamwamba penipeni pa moto, atate anapachika mtolo wa chimanga cha mbewu, chomanga ndi makoko ake omwe. Utsi unachidetsa bii kuti anankafumbwe asachiyandikire. Ine ndinkachiyang'ana tsiku lililonse. Ngakhale lero ndikatseka maso ndimachionabe chikulendewera, mwaye utachikuta, m'mimba mwanga mukulira.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Atate, tikazingeko chimodzi chokha."

Sanandimenye. Anandigwira paphewa n'kuloza kudenga. "Icho si chakudya. Ndi munda wa chaka chamawa. Ukachidya lero, chaka chamawa udzadya dothi." Anatuluka. Atate sankabwereza mawu.

Nanga tinkadya chiyani? Funso limeneli sindinkadzifunsa pa nthawiyo. M'mawa amayi ndi mlongo wanga wamkulu, Esinati, ankanyamula dengu ndi kakhasu n'kulowera kudambo. Masana ankabwera mapazi atayera ndi fumbi, m'dengu muli mizu, masamba ndi mango osakhwima. Munkakhalanso mpama, chilazi cha kutchire chija, chimene amayi ankachidula tizidutswa, kuchiviika, kuchiphika, kutaya madzi, kuphikanso. Mvula itagwa anayamba kubwera ndi bowa. Zambiri zinali zowawa mkamwa, ndipo ndinkadya ndikung'ung'udza. Kutchireko sindinapiteko ngakhale kamodzi. Mnyamata sankathyola ndiwo. Malo anga anali kumbuyo kwa atate, kumunda, kuphunzira kupanga mizere.

Tinadzala mbewu ija, ndipo inamera yonse. Anzathu amene anadya yawo anathawira ku esiteti ya fodya kukagwira ganyu, minda yawo itasanduka thengo. Chimanga chitafika m'chiuno, atate anandiimika m'mphepete mwa munda wathu. "Waona?" Ndinati ndaona. Phunziro ndinalitenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma ndalima chimanga ndi fodya moyo wanga wonse, ndipo pakhomo panga mbewu sinadyedwepo. Ana anga akudziwa. Ndinkayesa kuti nkhani ya chaka chija ndinaimvetsa yonse, mpaka pamene foni inalowa pakhomo pano.

Chaka chatha mdzukulu wanga Takondwa, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi, anabwera patchuthi kuchokera ku Namitete. Ali Fomu 2. Amalume ake anamusiyira foni yakale, ndipo mtsikanayo ankatha masana onse pansi pa mtengo wa mango, zala zikuvina pagalasi, mbale zili mbwee osatsuka. Ndinamuuza kuti foniyo ndilanda.

"Muione kaye, agogo," anatero. "Ndi gemu ya njala. Si inu katswiri wake?"

Ndinavala magalasi. M'fonimo munali dziko lotha. Nyumba zogumuka, magalimoto ochita dzimbiri, udzu utamera pamsewu wa tala. Takondwa anati anthu anafa ndi mliri, kunatsala ochepa. Ena mwa akufawo ankayendabe, manja ali patsogolo, kufuna kuluma amoyo.

"Ndi ndondocha zimenezi? Mwini wake ndani?"

"Zilibe mwini, agogo."

"Ndondocha yopanda mwini? Ndiye ikulimira yani?"

Anaseka mpaka foni inagwera pachitenje. Atapuma anati, "Tiyeni tipangane. Tiyambe munthu watsopano, timutche dzina lanu. Inu muzilamula, ine ndizidina. Akafika pokolola ali moyo, gemuyi ndifufuta ndekha, foni mukaitsekere m'sutikesi. Akafa, za kulandazo zithere pomwepo."

Ndinavomera. Ine wopulumuka njala yeniyeni, kachidole ka m'galasi kandikanike?

Zosokoneza zinayamba pomwepo. Munthuyo asanaponye ndi phazi lomwe, pagalasi panabwera maina a ntchito: kulima, kumanga, kumenya, kuphika, kufunafuna zakudya kutchire. Takondwa anati tapatsidwa mapointi ochepa oti tigawe, ndipo ntchito imene tiikepo ambiri ndi imene munthuyo aidziwe bwino.

"Luso amachita kugawa ngati makuponi a feteleza?"

"Poyamba pokha. Kenako limakwera ndi ntchito. Akamadula mitengo, luso la nkhwangwa limakwera. Chimene sachita, sichikwera."

Apo ndinavomera ndi mutu, chifukwa n'zoona. Ndinati aike pa kulima ndi kumanga, otsala pa kumenya.

"Agogo, muikeko pang'ono pa zakutchire ndi kuphika. Aliyense amatero."

"Kodi ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Mwamuna."

"Ndiye alime."

"Alibe mkazi, agogo. Ali yekha dziko lonseli."

"Alime."

Tinkasewera masana aliwonse batire ikalola. Zambiri sindinkazimvetsa. Dzuwa la m'fonimo linkatuluka ndi kulowa ine ndisanamalize kapu ya tiyi. Munthuyo ankatha kulowetsa chitseko chathunthu m'chikwama, koma ndikati atengenso khasu lachiwiri, Takondwa ankati walemedwa, aziyenda pang'onopang'ono ndipo njala imugwira msanga. Pamwamba pa galasi panali timizere: ka moyo, ka njala, ka ludzu. Njala yoyeza ndi kamzere! Ya ife sinkaoneka choncho. Inkaoneka m'nthiti. Akamwa madzi a pachithaphwi osawiritsa, ka moyo kaja kankafupika. Apo sindinatsutse, alangizi a zaumoyo amanenanso zomwezo.

Mtsikanayo anali ndi malangizo ambiri. Osathamanga pafupi ndi ndondocha, zimatsata phokoso. Osatola chilichonse chimene waona. Nkhwangwa ikayamba kubuntha uinole isanathyoke. Koma limodzi ankalibwereza mpaka kunditopetsa.

"Muzimutuma kutchire akadali wokhuta, agogo. Poyamba amangotola zopanda pake, koma luso limakwera. Njala ikadzafika adzakhala akudziwa kale."

"Munthu wokhuta akatani kutchire? Ino ndi nthawi ya munda."

M'golosale ina yogumuka tinapeza zitini za nyemba ndi kathumba ka mbewu ya chimanga. Nditaona mbewuyo mtima unakhala pansi. Munthu wanga anamanga nyumba yolimba, mpanda, ngakhale nkhokwe, imene Takondwa anati ilibe ntchito. Mizere yake inali yowongoka ngati ya atate. Tinadzala theka la mbewu, theka ndinati asunge, mwina yoyambayo ikanika. Chimanga chinamera. Ndinayamba kumayang'ana kumsewu mtsikanayo akapita kokatchajitsa foni. Sindinamuuze.

Kenako zitini zinatha. Magolosale apafupi tinali titawakokolola kale, ndipo akutali munadzaza ndondocha. Chimanga chinali chitangofika m'chiuno. Kamzere ka njala kanayamba kufupika.

"Agogo, mbewu yotsala ija akhoza kukazinga. Imukankhako pang'ono."

"Icho si chakudya."

"Afa, agogo."

"Ndi munda wa chaka chamawa."

"Chaka chamawacho adzalime ndani? Ndondocha, eti?"

Ndinamuyang'ana mwaukali. Koma m'mutu mwanga munali chipwirikiti. Ndinachita zonse monga anachitira atate. Nyumba ilipo, munda ulipo, mbewu ilipo. Nanga munthuyu akuferanji? Ife sitinafe. Ndinaganiza kuti mwina foniyo ndi yowonongeka. Ndinaganizanso kuti mwina mtsikanayo akudina mwachinyengo, ndipo ndinayang'anitsitsa zala zake. Ankachita zimene ndamuuza, osaonjezera.

Munthuyo atayamba kudzandira ndinagonja. "Chabwino. Apite kutchireko."

Anapita. Takondwa anandifotokozera kuti kwa munthu waluso zomera zodyedwa zimawala pagalasi, dzina lake lili pamwamba. Kwa wanga tchire lonse linali lobiriwira chimodzimodzi. Anazula muzu wina, koma kuphika sankadziwa, ndipo unamutsegula m'mimba. Kamzere ka moyo kanatsala ngati njere ya mpunga. Kenako anapeza bowa pansi pa mtengo.

"Ndi wabwino ameneyu?" Takondwa anandifunsa. "Gemu sikunena, luso lake ndi lochepa. Inu mukuona bwanji?"

Ndinayandikitsa foni kumaso. Ndinaitalikitsa. Ndinapukuta magalasi. Bowa ndadya moyo wanga wonse, wozula amayi, wozula Esinati, wozula mkazi wanga. Ine sindinazulepo ndi mmodzi yemwe. Koma mwana anali akundiyang'ana, akudikira mawu a munthu amene anaona njala.

"Adye."

Galasi linada. Munthu wa dzina langa anagwa chafufumimba pafupi ndi mpanda wake, chimanga chikugwedezeka ndi mphepo kumbuyo kwake. Kathumba ka mbewu kanali kakadali m'chikwama, kosatsegula.

"Sadzuka?"

"Gemu iyi ukafa wafa, agogo."

"Apo pokha anena zoona."

"Pepani," anatero, koma milomo yake inkanjenjemera ndi phwete.

Foni sindinalande. Mawu anga ndi amodzi.

Masiku otsatira, ndikuthirira nazale ya fodya, maganizo ankangobwerera m'khitchini muja. Mbewu anapachika ndi atate, inde. Koma chimene chinaisunga kudenga miyezi yonse ija si mawu awo. Linali dengu lija. Amayi akanabwera chimanjamanja masiku angapo, atate omwewo akanakwera pampando n'kuitsitsa, apo ayi akanatikwirira mmodzimmodzi mbewu yawo ikulendewerabe. Ndiponso amayi sanaphunzire mpama chaka cha njalacho. Anauphunzira ali mtsikana, zaka za kukhuta, akutsata amayi awo kutchire popanda chowakakamiza. Njala itafika inawapeza akudziwa kale. Ndi zomwe mwana wa Fomu 2 ankandiuza ine n'kumamukalipira.

Atate anandifunsa kuti, "Waona?" ndipo ndinayankha kuti ndaona. Ndinaona theka. Theka linalo linkandidutsa pamaso m'mawa uliwonse, dengu lili pamutu, ine n'kumangodandaula kuti n'zowawa. Atate sanalakwe. Mbewu sindidzadya mpaka kufa. Koma lamulo lawo linkaima pamsana pa amayi, ndipo palibe anatiuza, mwina chifukwa iwonso sankaona. Amayi anapita. Esinati anapita. Kuwawa kwa masamba aja ndikukukumbukira mpaka lero. Mutandisiya kudambo, sindingaloze ndi limodzi lomwe.

Za gemuyo zambiri sindikuzimvetsabe. Chitseko m'chikwama, dzuwa lothamanga, ndondocha zopanda mwini. Sindidziwanso kuti amene anaipangawo, kulikonse kumene ali, anadziwa bwanji za dengu la amayi anga.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, ndinamuitana Takondwa pansi pa mango paja.

"Yambitsa wina."

"Dzina lanu lomwe lija, agogo?"

"Ayi. Akhale wamkazi. Lemba Nabanda."

"Ndani ameneyo?"

"Lemba. Mapointi uike pa zakutchire ndi kuphika."

"Onse?"

Ndinakumbukira kuti dengu likatsitsidwa, ife titadya, amayi ankatenga khasu lalikulu n'kutipeza kumunda.

"Usiyeko ena a khasu," ndinatero. "Amayi ankalimanso."