Nyimbo Zanga M'kamwa mwa Abiti Saidi

Chizindikiro choyamba chinali kusasa mawu. Unali mwezi wa Meyi, tikumweta mpunga kudambo kwathu kuno kwa Malengachanzi, ndipo ndinkaimba monga ndinkachitira nthawi zonse pa ntchito. Nditafika pamene nyimbo imakwera, mawu anaduka. Ndinamwa madzi, ndinayambiranso, anadukanso pamalo omwewo. Ndinati ndi fumbi la mpunga, pakuti nthawi yokolola aliyense amakhosomola.

Ine ndine Nabanda, mayi wamasiye. Kwa zaka zambiri ndinali wopeka nyimbo komanso woyambitsa nyimbo m'gulu la gule wa chioda la m'mudzi mwathu. Woyambitsa ndi uja amaponya mzere woyamba, amayi ena onse n'kuvomera. Sukulu sindinapite nayo patali, munda wanga ndi wongopezera chakudya, koma pabwalo la gule ndinali munthu. Sindibisa, mawu anga ndinkanyada nawo kwambiri.

Tsidya la mtsinje kuli mudzi wina umene uli ndi gulu lake la chioda, ndipo chaka chilichonse tikatha kukolola timapikisana nawo. Wopeka nyimbo wawo ndi Abiti Saidi, mayi wachisilamu, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Pabwalo tinali adani, tinkanyozana m'nyimbo mpaka oonerera kufa ndi phwete. Kuseri tinali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Tinkakumana kumtsinje koviika chinangwa, n'kumaimbirana nyimbo zatsopano zisanafike m'khutu la wina aliyense. Iwo sankandinyengerera. Nyimbo ikakhala yozizira ankangoti, "Nabanda, iyi ndi yogonekera mwana, osati yovinira." Ndinkakwiya, n'kukaikonza kunyumba, n'kukhaladi yabwino. Wopeka nyimbo amasowa womuuza zoona, chifukwa a m'gulu lake amaombera m'manja chilichonse.

Koma gulu lathu lili ndi lamulo limene tinalipeza kwa amayi athu. Nyengo ya gule ikayandikira, woyambitsa nyimbo sadya kapena kumwa chilichonse kumudzi kwa opikisana nawo, kuopa kuti angamumange mawu. Ine lamuloli ndinkaliseka. Sabata imene mawu anaduka ija ndinali nditadya mpunga watsopano kwa Abiti Saidi ndi kumwa tiyi pakhonde pawo, ndipo anthu anandiona.

Mu Juni mwera utayamba kuomba, chifuwa chinakhazikika. Mu Julayi ndinayamba kutentha thupi dzuwa likapendeka, ndipo m'mawa ndinkadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta ngakhale kunali kozizira. Chakudya sindinkachifuna, kumeza malovu kunkawawa. Chitenje chimene ndinkamanga bwinobwino chinayamba kundizungulira kawiri. Mu Ogasiti tsiku la mpikisano linafika, ine ndili gone pamphasa. Anayambitsa nyimbo ndi mayi wina amene sanazolowere, ndipo gulu lathu linagonja mochititsa manyazi.

Mawa lake amayi a m'gulu anabwera, motsogozedwa ndi tcheya wathu, Nachisale. Sanazungulire. Anati lamulo silinaikidwe pachabe, ndipo amene wapindula ndi kudwala kwanga aliyense akumuona. Anandiperekeza kwa sing'anga wina wa kwa Nkhunga. Iye anandiuza kuti wandimanga mawu ndi munthu amene ndimadya naye mbale imodzi, amenenso ntchito yathu ndi imodzi. Sindinaganize n'komwe kuti Nachisale anali atayamba wacheza naye pakhonde ine ndisanalowe. Sing'angayo ananditema mphini pakhosi, anandipatsa mizu yoviika m'madzi, ndipo ndinamwa mizuyo miyezi iwiri.

Apa ndikulemba ndi manyazi. Ndinakhulupirira. Munthu ukamadwala osadziwa chokudwalitsa, mtima umafuna nkhope yoti uiloze, ndipo ine ndinaloza nkhope ya mnzanga. Ndinkakumbukira mawu onse amene ananyozapo nyimbo zanga, n'kumati inali nsanje kuyambira kale.

Abiti Saidi anabwera katatu. Koyamba anabwera ndi botolo la uchi. Ndinamva odi wawo, ndinakhala chete m'nyumba mpaka anasiya botolo pakhonde n'kubwerera, ndipo uchiwo ndinakautaya kudzala. Kachiwiri anangolankhula ali panja kuti ndipite kuchipatala, ine osatsegula chitseko. Kachitatu unali Okutobala. Anandipeza kuseri kwa nyumba nditagona pamthunzi, ndipo mphamvu zothawira ndinalibe. Ndinakhosomola pamaso pawo, m'makhololo munali magazi. Anayang'ana magaziwo, kenaka anati, "Chifuwa ichi ndikuchidziwa, n'chomwe chinatenga bambo a kwathu. Ngati mukufuna kundida, mukandidere kuchipatala." Anakaitana njinga yamoto, anandikhazika pakati, iwo n'kukhala kumbuyo atandigwira kuti ndisagwe.

Kuchipatala cha kuboma tinafika mzere utatalika kale. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Anandiyeza pasikelo, ndipo nesi atandifunsa kuti ndakhosomola nthawi yaitali bwanji, ndinakweza zala zisanu. Anafunsa ngati ndi masabata, Abiti Saidi anayankha kuti ndi miyezi. Nesi anangolemba. Anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, anandijambula pachifuwa, ananditenga magazi kuti ayeze kachilombo koyambitsa Edzi, koma sanakapeze. Poona kufooka kwanga anandigoneka tsiku lomwelo.

Zotsatira zitabwera, dokotala anaima kumapazi kwa bedi n'kunena kuti, "Mayi, muli ndi chifuwa chachikulu, ndipo chafika mpaka kummero. Chimachizika, koma mwabwera mochedwa." Ndinayesa kufunsa funso limodzi lokha limene linali mumtima mwanga, koma panangotuluka mpweya. Abiti Saidi anandifunsira. "Adokotala, awa ndi oimba. Mawu adzabwerera?" Dokotala anati, "Tiyambe tapulumutsa moyo. Za mawu tidzaona, koma pakadali pano asawakakamize."

Ndinakhala m'wodi masabata atatu. Masiku ake anali ofanana. M'mamawa nesi ankabwera ndi mapiritsi tisanadye kanthu, n'kuima pompo mpaka aone kuti tameza. Kumeza kunali nkhondo, piritsi lililonse linkakhala ngati likupala pakhosi. Mazenera ankakhala otsegula tsiku lonse. Mkodzo unasanduka wofiira, ndinachita mantha, koma anandiuza kuti ndi mankhwala. Kenaka kudikira dokotala, kudikira phala, kudikira kuti tsiku lithe. Mayi amene anagona bedi loyandikana ndi langa, wochokera kwa Kanyenda, anamwalira sabata yachiwiri. Anakulunga matiresi ake, ndipo madzulo ake pabedipo panali kale munthu wina.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Dwangwa ndipo anali ndi khanda, choncho anamuletsa kudzandisamalira. Amayi a m'gulu anabwera kamodzi, anaima pazenera nsalu zili kumphuno, anapemphera n'kumapita. Sindiwaimba mlandu, matendawa amaopsa, komabe zinandiwawa. Gadiyani wanga anali Abiti Saidi, atavala chophimba pakamwa chimene anesi anawapatsa. Ankaphika phala kumalo ophikira magadiyani, ankandisambitsa, ankachapa zovala zanga. Nthawi ya swala, mapemphero awo achisilamu, ankakayala chitenje kuseri kwa wodi. Ndipo ine masiku oyamba, phala likabwera, ndinkaliyang'ana kaye ndisanadye. Iwo ankaona, ankatenga supuni ina n'kulawa okha.

Chowawa kuposa chifuwa chinali kukhala duu. M'mutu mwanga munali nyimbo imene ndinaiyamba mu Meyi, yosatha, ndipo sinkandipatsa mtendere. Kulemba mawu ake ndikanatha pang'ono, koma kaimbidwe kake sikalembeka. Ndinkaopa kuti ndikafa ifa nane. Tsiku lina ndinayamba kugogoda ndi supuni pachitsulo cha bedi monga ikanalirira ng'oma. Abiti Saidi anatchera khutu, anayamba kung'ung'udza motsatira. Akalakwitsa ndinkapukusa mutu, akalondola ndinkagwedeza. Mawu ake ndinkawanong'oneza pang'onopang'ono, mzere umodzi patsiku, mpaka nyimbo yonse inalowa mwa iwo. Inkayamba motere:

Mpunga wacha, mbalame zamva,
mwini munda yekha sanamve.

Atamaliza kuiphunzira anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mzere wachitatuwu ngwaulesi. Kudwala si chilolezo chopekera zozizira." Ndinaseka kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, kusekako kunathera m'kukhosomola, mpaka nesi anabwera kudzatikalipira tonse awiri. Mzerewo ndinaukonza.

Atanditulutsa, achipatala anandipatsa khadi ndi kundiuza kuti mankhwala ndi a miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa tsiku, ndipo pakhale munthu woona kuti ndamwa n'kuchonga pakhadipo. Abiti Saidi ankawoloka mtsinje m'mawa uliwonse. Mvula itakula mu Januwale mtsinje unadzaza, ndipo ankazungulira kumlatho, n'kufika atanyowa mpaka m'mawondo. Mwezi wachitatu ndinatopa nawo mankhwala. Ankandichititsa nseru, mfundo zinkawawa, ndipo poti chifuwa chinali chitachepa ndinati basi. Abiti Saidi anakhala pakhonde ndi mapiritsi m'manja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litakwera, osadya, osachoka, mpaka ndinagonja. Mpunga wanga chaka chimenecho anaoka ndi iwo pamodzi ndi amayi awiri a m'gulu lawo, omwe aja tinkawanyoza m'nyimbo.

Makhololo anayezedwa kangapo ndipo sanapezenso kanthu. Mu Epulo ndinamwa mapiritsi omaliza, ndipo anandiuza kuti ndachira. Thupi linabwerera, chitenje chinayamba kundikwananso. Mawu olankhulira anabwera, koma osasa, okhuthala ngati a munthu wina. Masiku onse ndinkadziuza kuti mawa atseguka. Ndinkapita kudambo ndekha kukayesa, nyimbo ikafika pokwera paja pankangotuluka mpweya.

Mu Juni ananditumiza kuchipatala chachikulu kumzinda. Dokotala wa zapakhosi anandiunika ndi kachipangizo kokhala ndi nyali, kenaka anati, "Zilonda zapola, koma zasiya zipsera. Kulankhula muzilankhula, koma kuimba monga kale musayembekezere. Mukanabwera miyezi yoyambirira, mwina tikanawapulumutsa." Mubasi ndinalira njira yonse. Abiti Saidi sanandiletse, sanandiuze kuti ndithokoze poti ndili moyo, anangondigwira dzanja. Iwo okha m'basi monsemo ankadziwa chimene ndinkalirira.

Patapita masiku tinakumana kumtsinje koviika chinangwa, ndipo ndinaulula. Ndinati, "Abiti, ine ndinkaganiza kuti munandilodza."

"Ndinkadziwa," anayankha, manja ali m'madzi. "Botolo la uchi lija ndinaliona kudzala kwanu."

"Nanga bwanji munkabwerabe?"

"Mukanafa, nyimbo zanga ndikanaimbira yani zisanapse? Enawa amangoomba m'manja."

Mu Ogasiti mpikisano unafikanso. Ndinapita, ndinavala yunifolomu ya gulu, ndinaima pamzere wakumbuyo. Itafika nthawi yathu, Abiti Saidi anachoka kumbali kwa gulu lawo, anadutsa pakati pabwalo anthu onse akuona, n'kudzaima patsogolo pa amayi athu. Anauza anthu kuti, "Nyimbo iyi ndi ya Nabanda, ine ndangomubwereka pakamwa." Ng'oma zinalira, anaponya mzere woyamba, ndipo amayi a magulu onse awiri anavomera. Nyimbo inali yabwino, ndinaimva kuti ndi yabwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere nawo, koma sipanatuluke kanthu. Ndinavina chete mpaka kumapeto, misozi ikutsika. Anthu a kwawo anawanena Abiti Saidi mwezi wathunthu kuti anagulitsa gulu.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimadya, sindikhosomola, ndipo onse amene ankakhala nane pafupi, kuphatikizapo Abiti Saidi, anayezedwa n'kupezeka kuti alibe matendawa. Nyimbo ndikupekabe. Ndimagogoda ndi supuni pa beseni kumtsinje kuja, iwo amang'ung'udza, n'kukaphunzitsa mayi amene tsopano amayambitsa m'gulu lathu. Koma sindinama kuti ndinazolowera. Ndikamva chioda chikulira patali, masiku ena sindifuna n'komwe kutuluka m'nyumba.

Inu amene mukuwerenga, mukakhosomola kupitirira masabata awiri, kapena mawu akasasa osabwerera, kapena mukamaonda ndi kutuluka thukuta mosadziwika bwino, pitani mukayezetse makhololo. Musadikire mwera kuti uthe, musadikire magazi. Ndipo mnzanu amene amakuuzani kuti ntchito yanu yazizira, akakuuzani kuti thupi lanu silili bwino, mumvereni. Ine ndinatha miyezi isanu osapita kuchipatala, iwiri yomaliza ndikufunafuna amene anandimanga mawu, ndikumutsekera chitseko munthu yekhayo amene ankandiuza kopita. Palibe munthu amene anandimanga mawu, ndinawataya ndekha m'miyezi isanu imeneyo. Amene ndinkamuloza chala ndiye akuimba nyimbo zanga lero.