Ukazitape wanga unapundula alamu anga

Ndikulemba izi ndi manyazi, chifukwa wopunduka pa nkhaniyi si ine. Ndi alamu anga, Che Jafali, amuna a achemwali anga, ndipo chinawapundula ndi chibwana changa, ine munthu wandevu kale.

Ndinkagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina ku Nkopola. Alendo pochoka ankasiya mabuku, ena onyowa, ena othothoka chikuto, ndipo ine ndinkawatola. Amene anandilowa m'magazi anali onena za akazitape a pa nyanja zamchere: amuna osambira pansi pa sitima mpeni uli kukamwa, otchera mabomba, oti akagwidwa amazunzidwa koma osaulula kanthu. Inu owerenga, ndinkawerenga mpaka kuiwala kudya. Posakhalitsa ndinayamba kuyenda mocheukacheuka ngati pali wondilondola, pamene kumbuyoko kunali mbuzi basi. Mumtima ndinkati ntchito yoyala mabedi si yanga, ine ndinabadwira zoopsa.

Nditapatsidwa tchuthi ndinapita kukacheza kwa achemwali, kumudzi wina wa asodzi kumene anthu sankandidziwa kwenikweni. Inali nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane. Che Jafali anali atapachika maukonde awo, koma ena ankakoka khoka mozemba kuseri kwa bango, masana dzuwa likuswa mtengo. Mudzi wonse unkadziwa, koma panalibe wotsegula pakamwa, poti m'nyumba zimenezo ndimo anthu ankapempha ndiwo. Ine nditamva, mutu unazungulira. Ndinati adani aja ndawapeza.

Lachisanu alamu atapita ku mzikiti, ndinatenga bwato lawo osapempha. Ndinatenganso galasi la achemwali lodziyang'anira, chifukwa m'mabuku muja kazitape amatumiza uthenga kwa anzake pothwanimitsa galasi padzuwa. Ndinavala chipewa, n'kudzikulunga mpango kumaso, ndipo ndinapalasa mpaka pafupi ndi bango lija. Anthu anali kalikiliki kukoka. Ndinayamba kuthwanimitsa galasi cha kunyanja, kuitana sitima yanga yomwe inali m'mutu mwanga mokha. Ndikulumbira, kunalibe aliyense amene ndinapangana naye. Anali masewera.

Tsoka sasimba. Pasanapite nthawi kunatulukira boti la injini la oyang'anira zausodzi, muli apolisi amfuti, ali paulendo wawo woyendera nyanja. Khoka analanda n'kuliotcha pamchenga pomwepo. Mmodzi amene analimbana nawo anamenyedwa ndi chigunda cha mfuti mano n'kugwa, ena anamangidwa. Ine ndinathawa mtima uli m'mwamba, ndinabweza bwato padoko n'kukakhala pakhonde ngati munthu wosadziwa kanthu. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti nkhope yanga sanaione.

Apa mpamene panali uchitsiru wanga. M'mabuku boti ndi boti chabe, ukalisiya nkhani yatha. Kwathu kuno bwato limadziwika ngati nkhope ya mwini wake. La Che Jafali linali ndi chigamba chachikasu kutsogolo, chodula ku chigubu cha mafuta, ndipo ngakhale mayi wogula usipa ankalizindikira lili kutali. Komanso bwato la munthu silichoka padoko mwini wake asanalole. Choncho ngakhale onse anawaona alamu ku mzikiti, anati iwo ndiwo anatuma munthu wagalasi uja.

Asodzi aja anabwera anthu atangoweruka ku swala, mapemphero a masana, mwini khoka ali patsogolo, ena atanyamula nkhafi, ena zikwanje. Anawakoka alamu pamkeka n'kuwaguza mpaka padoko, mkanjo woyera ukukokeka pamchenga. Ine ndinatsatira m'chigulu cha anthu. Anawamenya m'nthiti, kumsana, kumaso, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'khutu, uku akuwafunsa chinthu chimodzi: anali ndani m'bwato muja? Wina analowetsa dzanja m'bwatomo n'kutulutsa galasi la achemwali, lomwe ndinaliiwala pothawa. Che Jafali analiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine kamodzi kokha, n'kubweza maso pansi.

"Bwato ndi langa, mlandu ndi wanga," anatero.

Anawagoneka dzanja lamanja pamphepete pa bwato. Mwini khoka anakweza nkhafi n'kuitsitsa ndi mphamvu zake zonse. Fupa linalira ngati nkhuni youma, ndipo sanalekere pomwepo, anabwereza mpaka mkono unangoti lende. Achemwali anadziponya pamwamba pa amuna awo, chikwanje n'kuwatema pachipumi. Ena anali atayamba kale kuwaza bwato ndi nkhwangwa. Akanapanda kufika a shehe n'kuima pakati, bwenzi titaika maliro.

Inu owerenga, ine ndinali pomwepo, mtunda woti ndikanatha kuwagwira phazi. Mawu oti "ndine" anafika pakhosi n'kubwerera. Munthu amene ndinkalota zosambira pansi pa sitima ndinadzikodzera chiimire.

Kuchipatala ku boma anayesetsa, koma mitsempha inali itaduka, zala sizinagwirenso ntchito. Ndinawagwadira m'mphepete mwa bedi n'kuulula zonse ndikulira. Anandisiya mpaka nditamaliza.

"Ndinadziwa, alamu," anatero motsitsa. "Ine ndine wawo, anangondithyola. Inu ndinu mlendo, akanakuphani."

Achemwali anali pomwepo, anamva zonse. Mpaka lero amandilandira, amandipatsa madzi, koma liwu loti achimwene sanalitchulenso, ndipo chipsera chili pachipumi pawo chimandiyang'ana ngakhale iwo atayang'ana kumbali.

Mabuku sindiwada, olakwa sanali iwo. Koma inu amene mumawakonda, makamaka anyamata a m'mbali mwa nyanja muno, dziwani kuti wolemba amasankha yekha woti afe ndi woti apulumuke, ndipo magazi ake amathera papepala. Kuno nkhafi ikatsika imatsikira munthu wokhala ndi ana. Musasewere ndi ntchito imene anthu akudyera, musatenge chinthu cha mwini osapempha, ndipo mukalakwa yankhulani msanga, wina asanakusenzereni.

Che Jafali sapalasanso. Amakhala padoko kuyanika usipa wa eni ake. Ndikapita kukawaona timadya mbale imodzi, ndipo munthu amene chibadwire sanagwirepo chakudya ndi dzanja lamanzere amayamba wapepesa kwa alendo asanatape mpunga. Amapepesanso kwa ine.