Maudie, Mkazi Amene Nyanja Sinkamudziwa

Mlamu wanga Maudie ndi munthu wansanje, ndipo ndikunena izi iye ali moyo, akudziwanso kuti ndimanena. Akazi ena amachita nsanje ndi mkazi mnzawo mmodzi, wodziwika nkhope ndi dzina. Maudie wakalamba akuchita nsanje ndi basi yathunthu ya alendo.

Anabadwira kumtunda, kufupi ndi Marble Bar, kuja nthaka ndi yofiira ndipo dzuwa limaswa mtengo chaka chonse. Makolo ake anali m'gulu la anthu aja amene anatopa kuweta nkhosa za azungu n'kumalipidwa ufa, tiyi ndi fodya. Anangonyamuka n'kukakhala m'zigwa momwe munkapezeka miyala ya chitsulo chotchedwa tini. Amuna ankakumba, akazi ankapeta. Ankathira dothi m'mbale yaitali yathabwa n'kumaigwedeza mpaka mchenga upite mbali ina, timiyala takuda tolemera ta tini titsale mbali inayo. Maudie anaphunzira kupeta asanagulule mano. Mpaka lero mukamupatsa mbale yopanda kanthu, manja ake amayamba okha kugwedeza.

Achimwene anga a Clarrie anapita kumeneko kukayendetsa lole yonyamula tini kupita kudoko. Atabwerera kwathu kugombe, kumpoto kwa Broome, anatsika ndi kamtsikana koonda, kamapazi ofiira, katavala diresi yamaluwa achikasu. Ine ndinali nditazolowera kuti chilichonse chabwino chotsika m'lole imeneyo ndi changa. Diresi ija inandipweteka mtima, ndipo ndikaikumbukira imandipwetekabe pang'ono.

Kwathu munthu watsopano salowa m'nyanja asanadziwitsidwe. Mwini gombe amapita naye m'madzi ofika m'akakolo, amamupaka thukuta la m'khwapa mwake, amatunga madzi ndi manja kumuthira pamutu, kenako amayankhula ndi nyanja. Kwa munthu wongodutsa amati, "Uyu ndi mlendo, musamupweteke, abwerere kwawo bwino." Kwa wobwera kudzakhala amati, "Uyu ndi wathu, mumudziwe fungo." Nyanja yathu si yochita nayo chibwana. Muli ng'ona m'makhwawa a mitengo yomera m'madzi, muli nsomba ija yonga mwala imene ukaiponda umaitana amayi ako ngakhale uli ndi imvi, ndipo madzi akaphwa n'kuyamba kubwerera amathamanga kuposa munthu.

M'mawa mwake achimwene anamugwira dzanja Maudie kupita naye kugombe, abale onse tili pambuyo. Atatsala pang'ono kuponda madzi, amayi athu anayankhula mokweza, ngati akuuza mphepo.

"Kaya nyanjayi imulandira. Fungo lake ndi fumbi lokhalokha."

Anthu anaseka. Maudie anasolola dzanja lake.

"Ine dziko langa limandidziwa kale," anatero. "Madzi osamweka n'komwe, andidziwe kuti atani?"

Achimwene anachita manyazi pamaso pa amalume awo, nkhope yonse inagwa. Anangoti, "Chabwino. Tsiku lomwe udzafune, udzanena."

Nkhani yonse inathera pomwepo, kapena nditi inayambira pomwepo. Mulungu anakumanitsa anthu awiri amakani ofanana, wina wosadziwa kupempha, wina wosadziwa kubwereza mawu.

Ana anabadwa, woyamba Lenny, ndipo aliyense achimwene ankamunyamula ali wakhanda kukamuthira madzi pamutu. Maudie ankaonerera ali pachitunda cha mchenga, manja ali m'chiuno. Pagombe pamakhala mzere wa zinyalala ndi zigoba pomwe madzi amalekezera akadzala. Mzere umenewo sanaudumphepo. Koma nkhanu ankadya kuposa tonse, ndipo ndikamuseka ankati nkhanuyo ndi imene yadumpha mzere kubwera kwa iye.

Msewu utakonzedwa kunayamba kubwera alendo oona malo. Achimwene anagula kabasi kakale n'kumawatenga kutauni, kuwaonetsa kokumba nkhanu ndi miyala yomwe makolo athu anasanja yotchingira nsomba. Asanawalole kuponda madzi ankawaimika pamzere n'kuwadziwitsa kunyanja, mmodzimmodzi. Maudie ankawaphikira tiyi ndi buledi wa paphulusa pachisakasa cha pachitunda paja, ine ndikumuthandiza. Apa m'pamene nsanje yake inapeza munda wolima.

"Taona mlamu, taona uyo wa kabudula wofiira. Akuweramitsa mutu ngati akubatizidwa. Akudziwa n'komwe zomwe akuuzidwa?"

"Ukande ufawo iwe, moto ukutha."

"Ndipo abambo a Lenny madziwo amuthira kawiri. Ndawerenga ine. Enawo kamodzi, iyeyo kawiri."

"Tsitsi lake ndi lambiri."

"Langali ndi lochepa?"

Ndinkamuyankha kuti apite akaime nawo pamzere, palibe amene angamuthamangitse. Ankandiyang'ana ngati ndamutukwana. Chomwe chinkamudya mumtima sichinali chakuti mwamuna wake angathawe ndi mzungu, ayi. Achimwene sanali munthu wamaso patalipatali. Chinkamudya n'chakuti anthu ochokera kutsidya kwa dziko, obwera m'mawa n'kuchoka masana, nyanja inkawadziwa, pomwe iye wobereka ana a pagombe pomwepo inkamuona ngati chitsa.

Chaka china, mvula itayandikira, mayi wina wa ku Germany sanamvere zomwe anauzidwa, analowa mwakuya. Nyengo imeneyo kumabwera tizilombo tija toonekera ngati madzi, tokoka ulusi wautali womwe ukakukhudza umaotcha ngati waya wapamoto. Tinangomva kukuwa. Achimwene anathamanga, anamunyamula m'manja mpaka pachisakasa, n'kumuthira viniga mwendo wonse uku akumutonthoza ngati mwana. Maudie ndi amene anatsegula botolo, ndi amenenso anamugwira mutu mpaka galimoto ya chipatala inafika. Mtima wabwino ali nawo, zimenezo sindingamunamizire. Koma galimoto itangochoka anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Si munamuthira madzi uja? Nyanja yanuyo ndiye yamudziwa bwino zedi."

"Akanakhala wosadziwitsidwa bwenzi tikunena zina," anatero achimwene.

"Ndiye munamunyamula bwino. Ine chikwatiwire mwandinyamulapo?"

"Iwe unalumidwapo?"

"Ndilumidwa bwanji, poti sindiloledwa kulowa?"

"Wakuletsa ndani?"

Ine ndinayembekezera kuti mmodzi wa iwo anene mawu amodzi okha otsalawo. Maudie anatola makapu, achimwene anapita kukaona matayala a basi omwe analibe vuto lililonse.

Imvi zitayamba, Maudie anati akufuna kukaona kwawo asanafe. Tinapita atatu pa kabasi kaja, ulendo wautali wa fumbi. Tinapeza zigwa zija zili zii, milu ya dothi itamera udzu wobaya, makina adzimbiri atagona chammbali. Maudie anasintha, anakhala ngati mtsikana. Ankatikoka uku ndi uku, apa m'pamene amayi ankakhala, apo m'pamene mzungu wa sikelo wogula tini ankaimika galimoto yake. Anatola chidutswa cha lata, anachipinda pabondo, anathiramo dothi n'kuyamba kupeta. Posakhalitsa timiyala takuda tinasonkhana kumapeto. Achimwene anayesa nawo, dothi lonse linawathera pamapazi, ndipo Maudie anaseka mpaka misozi. Ndinachita nsanje tsiku limenelo, ndinene zoona. Mwamuna wanga anamwalira kalekale, ndipo ngakhale ali moyo sanandiyang'anepo mmene achimwene ankamuyang'anira Maudie akupeta.

Kenako anatitengera kudziwe lawo la pakati pa matanthwe. Anatiimitsa patali, anagwada, anavumata madzi n'kuwapemerera m'mwamba. Anafuula m'chiyankhulo chake, mawu akugunda m'matanthwe. Atatha anagwira dzanja la achimwene n'kuliviika m'madzimo.

"Wawauza chiyani madziwa?" ndinafunsa.

"Za iwe ndati ndiwe mlendo wolongolola, akupirire. Za awa ndati ndi anga."

Anawayang'ana achimwene m'maso, ndipo aliyense wamaso akanaona chomwe ankadikira. Iye sanapemphedwe, koma anawadziwitsa kumadzi akwawo. Achimwene anangothokoza bwinobwino, n'kunena kuti tinyamuke dzuwa lisanapendeke. Ndinafuna kuwagenda ndi mwala.

Titabwerako ndinawapeza okha akusoka ukonde.

"Achimwene, kodi mutu wanuwu ndi wa mtengo? Mkaziyu mumutengere kumadzi."

"Ndinamuuza kuti akadzafuna adzanene."

"Munali ana nthawi imeneyo!"

"Anandikana pamaso pa amalume, Beryl. Ndikamugwiranso dzanja n'kusololanso, ndidzalowa pati?"

Ndiye ndinapita kwa Maudie. Ndinamuuza kuti gombelo ndi la bambo anga inenso, thukuta ndili nalo, pakamwa ndili napo, tiye ndikakudziwitse lero lomwe.

"Thukuta lakolo usunge, mlamu," anatero. "Sindinakwatiwe ndi iwe."

Kenako, akukanda ufa, anayankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Inu mukafa mumapita kuzilumba uko, si choncho? Abambo a Lenny adzapita, Lenny adzapita, iwenso ndi pakamwa pakopo udzapita. Ine ndidzaima pamzere wa zigoba n'kumakuonani mukupita."

Aka kanali koyamba kumumva akunena mantha ake osawaveka nthabwala.

Kenako achimwene anayamba kuiwalaiwala. Poyamba anali makiyi, kenako njira ya kutauni, kenako mayina a adzukulu. Lenny ndi amene anayamba kuyendetsa basi ija. Ine anayamba kunditcha dzina la amayi athu. Maudie anali womaliza kuiwalika, koma nayenso tsiku lake linafika, anayamba kumuthokoza mwaulemu akawapatsa tiyi, ngati mmene umathokozera munthu wa kuchipatala. Iye ankawasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa, ndipo m'mawa uliwonse ankawakhazika pampando pachisakasa kuti aziona madzi. Za kudziwitsidwa anasiya kuzitchula. Ndinkaona kuti wataya mtima, ndipo zinkandiwawa kuposa kulongolola kwake kuja.

M'mawa wina Lenny anabwera ndi alendo n'kuwaimika pamzere monga mwa masiku onse. Tisanazindikire, achimwene anali atadzuka pampando, akutsika chitunda ndi mapazi olimba ngati kale. Lenny anafuna kuwabweza, koma anamukankhira pambali n'kuyamba ntchito yawo. Mawu onse anali m'malo mwake, palibe lomwe linasowa. Munthu wosadziwa dzina la mwana wake ankayankhula ndi nyanja ngati anasiya dzulo.

Maudie anawatsatira ndi chipewa chawo m'manja, kuopa dzuwa. Anaima pamzere wa zigoba, pamalo pake pa nthawi zonse. Achimwene atamaliza mayi womaliza, wa magalasi akuda, anakweza maso n'kuona Maudie.

"Mayi, bwerani. Musaope, ndi madzi chabe."

Maudie anacheuka kuyang'ana ine. Ndinamukodola ndi mutu kuti apite.

Anavula nsapato, anadumpha zigoba zija, n'kuyenda pamchenga wonyowa ngati akuponda minga. Achimwene anamugwira dzanja, ndipo sanalisolole.

"Mwachokera kuti, mayi?"

"Kumtunda. Kufupi ndi Marble Bar."

"Aa, kutali! Mkazi wanga ndi wa komweko. Katswiri wopeta tini, simungamupeze wina." Anaseka pang'ono n'kupukusa mutu. "Koma nyanja amadana nayo. Ndimafuna nditabwera naye kuno, koma ndimamuopa."

Achimwene anamupaka thukuta pamapewa, anatunga madzi ndi manja onse awiri n'kumuthira pa imvi zake. Kenako anatembenukira kunyanja n'kukweza mawu.

"Uyu ndi mlendo, musamupweteke, abwerere kwawo bwino."

Anamusisita paphewa mwaulemu, analandira chipewa chawo n'kuthokoza, ndipo Lenny anawatenga kubwerera nawo pampando. Alendo aja anaomba m'manja, osadziwa chomwe akuombera.

Ine ndinatsika n'kukaima naye m'madzimo. Anali chiimire, madzi akumuzungulira m'akakolo, ena akutsika kumaso moti sindikanatha kusiyanitsa a nyanja ndi ake.

"Basi mlamu, zatheka," ndinatero. "Yakudziwa."

"Wamva zomwe anena? Akuti ndibwerere kwathu bwino."

"Ndamva."

"Kwathu kuti, Beryl?"

Anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa diresi, anayang'ana kuchitunda komwe mwamuna wake anakhala akumwetulira alendo ake, n'kufwenthera.

"Ndipo uja wa magalasi akuda uja anamugwira dzanja nthawi yaitali kuposa ine," anatero. "Ndinaona."