Chinyama cha Simenti cha Lyson Namakhwa

Lyson Namakhwa anayamba kunyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje asanamere ndevu. Anali wamfupi, wa khosi lalikulu, wosakonda kulankhula. Anzake pa Likhubula, pamene alendo amayambira kukwera phirilo, ankati amakwera phiri ngati munthu wopita kudimba: sathamanga, saima, sacheuka. Masiku amene alendo sanabwere, ankakhala pamthunzi n'kumasema ndodo ndi tinyama tamitengo. Koma tinyama take sitinkafanana ndi nyama iliyonse. Akati aseme kamba, ankatuluka ndi miyendo ya mbuzi. Akati aseme kadzidzi, mapiko ankakhala anayi. Sankachitira dala, mpeni unkangolowera kumene wafuna.

Anakwatira Esteri, mayi wothyola tiyi kuesiteti, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, kamudzi ka m'mbali mwa khwawa lotsika m'phiri. Anabereka ana awiri, Sharon amene anali sitandade 6, ndi Kondi amene anali atangoleka kuyamwa.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itayamba, Lyson anali ku Chinakanaka kumene anapita kukazonda amalume ake. Madzi anatseka njira. Atafika kumudzi patapita masiku awiri, anasochera pamalo amene anakhalapo zaka khumi ndi zitatu. Panalibe nyumba, panalibe mtengo wa mango, ngakhale khola la mbuzi. Panali miyala ikuluikulu ngati minibasi, mchenga woyera mbee, ndi mitengo yosendeka makungwa. Anaima pamwala wina n'kumayesa kupeza pamene panali khomo lake.

Amene anamupeza pamenepo anali Rosie, mng'ono wake wa Esteri. Iyeyu anapulumuka chifukwa nyumba yake inali chakumtunda.

"Alamu," anatero Rosie. "Achemwali apita. Ndi ana omwe."

Lyson anagwedeza mutu ngati wauzidwa kuti msika wasuntha tsiku.

"Mbuzi zija nazo?"

Rosie anangomuyang'ana. Kenako anakhala pansi pamchengapo n'kuyamba kulira. Lyson anaimabe chiimire. Ankadikira kuti nayenso chisoni chimufike, koma sichinamufike.

Anthu anakumba masiku asanu ndi anayi ndi makasu ndi mafosholo. Ena anapezeka, ake sanapezeke. Pamapeto pake akuluakulu anagwirizana zokwirira mathunthu a nthochi kuti maliro aoneke kuti achitika. Lyson anakumba nawo manda atatu, amodzi aakulu, awiri aang'ono. Anthu ankalira, iye ankaona kuti khasu limene anamubwereka linali logwedera mpini.

Otsala anawasunga pasukulu. Kumeneko ankadya akapatsidwa, ankagona akauzidwa. Amuna anzake ankakangana za mabulangete ndi ndowa, iye ali phee pakhonde. Mvula itatha, anapeza ganyu yosakaniza simenti pamlatho umene ankaukonza. Kapitawo wake, a Ishmael, anamuona tsiku lina akukutumulira matumba otha m'chidebe.

"Fumbi limenelo mukachita nalo chiyani, achimwene?"

"Ndili nalo ntchito."

A Ishmael sanafunsenso. Kuyambira tsiku limenelo matumba otha ankamuikira pambali, ndipo ena ankawasiya osakutumula kwenikweni.

Akaweruka, Lyson ankasenza chidebe chija mpaka kumene kunali mudzi. Mumchenga munali zambiri: zitsulo za m'mawindo a tchalitchi zopindikapindika, mafelemu a njinga, waya, malata opunduka. Ankazifukula, kuziwongola ndi mwala, n'kumazimanga pamodzi pathanthwe lathyathyathya. Simenti ankaisakaniza ndi mchenga ndi dothi la pachulu, n'kumamata ndi manja. Zala zinang'ambika mpaka kutuluka magazi. Ankaziona, koma ululu sankaumva kwenikweni.

Rosie anabwera atamva kwa anthu otola nkhuni.

"Alamu, mukumanga nyumba? Paja anatiletsa kubwerera kuno."

"Si nyumba."

"Nanga n'chiyani?"

"Sindinadziwe."

Sankanama. Anayamba ndi mwendo umodzi, waukulu ngati wa njovu. Ataona kuti sungaime wokha, anawonjezera wina, mpaka inakwana isanu ndi umodzi. Pamwamba pake anaika msana wotambalala ngati bedi la anthu ambiri. Malata aja anawakhoma m'mbali, anakhala mapiko. Khosi linatuluka lalitali, mutu unawerama ngati wa ng'ombe yokoka ngolo. Pofika mu Ogasiti chinthucho chinali chitapitirira msinkhu wa munthu, ndipo ankachimata ataima pamgolo.

Mbiri inamveka mpaka ku Nkando yakuti mkamwini wina wazungulira mutu, akuumba Napolo, chinjoka chimene akuluakulu amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Amayi ankalambalala malowo. Ena ankati achiphwanye chisanaitane mvula ina.

Loweruka lina kunabwera a Godwin, mkulu wa mpingo. Nawonso anali atataya akazi awo ndi mdzukulu. Anachizungulira kawiri, manja ali kumbuyo.

"A Namakhwa, anthu akudandaula. Chimene chinatidyera abale, inu n'kumachimangira chipilala?"

Lyson anapukuta manja pabuluku.

"Napolo alibe miyendo, abambo. Ndiponso amatsika. Ichi taonani kumene chayang'ana."

A Godwin anaona. Mutu unaloza kuphiri, mwendo wakutsogolo utakwezedwa pang'ono.

"Chikukwera kukatani?"

"Chanyamula katundu."

"Katundu wake uti? Pamsanapa palibe kanthu."

Lyson anapita pamene ankasunga zida zake n'kutenga mbale yapulasitiki yobiriwira imene anaifukula mumchenga. Sankadziwa mwini wake, mbale zotero zinali m'nyumba iliyonse. Anakwera pamgolo, anamata simenti yaiwisi pamsana paja, n'kukanikizapo mbaleyo mpaka inamira m'mphepete.

A Godwin anachoka osatsanzika. Lolemba anabweranso, n'kutulutsa kiyi m'thumba la jekete.

"Wa nyumba yanga ija," anatero. "Ndimangoyenda naye."

Lyson anaumata pafupi ndi mbale. A Godwin anatola msomali n'kulemba maina awiri pansi pake.

Zitatero anthu anayamba kubwera, mmodzimmodzi, ambiri osapereka moni. Wina anabweretsa supuni, wina nsapato imodzi ya mwana, wina belu la njinga. Mayi wina, amene anataya ana anayi, analibe chilichonse chotsala, ndiye anabweretsa timiyala tinayi ta mumtsinje. Sankadziwa kulemba. Anatchula maina, Lyson n'kumalemba. Pa dzina lachitatu mayiyo mawu anawathera, ndipo Lyson anadikira, msomali uli m'manja, mpaka simenti inayamba kuuma. Anawaza madzi n'kudikirabe.

Sankatonthoza munthu. Ankafunsa kuti, "Pati?" Munthu akaloza, ankamata. Ena ankamuthokoza, ena ankapita kunyumba n'kukanena kuti bambo uja mtima wake unauma.

Rosie anabwera pomaliza, msana utatsala pang'ono kudzaza. Anabweretsa sefa ya ufa yong'ambika pakona.

"Ndinabwereka kwa achemwali kutatsala tsiku limodzi kuti madzi aja abwere. Anandiuza kuti ndibweze msanga."

Lyson anailandira, anaitembenuza. Anaizindikira. Msomali wa pakonapo anakhoma yekha. Anaimata pafupi ndi khosi, n'kutsika kukatsuka manja.

"Alamu, maina."

"Maina ati?"

"Mwalemba a anthu onse. Anu mulibe."

Lyson anayang'ana msana wonse kuyambira kukhosi mpaka kumchira. Zinali zoona. Anakweranso. Analemba Esteri. Analemba Kondi. Kenako anaima.

"Sharon amalemba ndi h?"

"Eya. Pambuyo pa S."

Analemba pang'onopang'ono, chilembo chilichonse payekha. Atatsika anati simenti yatsalako pang'ono, ndipo anapita kukamata mng'alu umene anauona pamwendo wakumbuyo.

Chaka chitakwana, a mpingo anachititsa mapemphero pamalopo. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera kumalo atsopano kumene anasamutsidwira. Anaimba nyimbo za maliro. A Godwin anawerenga maina onse kuchokera pamsana paja, makumi atatu ndi limodzi. Anapempha Lyson kuti alankhulepo. Iye anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Musamalole ana kukwera pamapikopo," anatero. "Malata ndi akuthwa."

Anakhala pansi. Anthu anadikira kuti mwina apitiriza, kenako wina anayambitsa nyimbo.

Abale a Esteri anamuuza kuti akhoza kukhala nawo kumalo atsopano, pakuti sanalakwire munthu. Anathokoza, koma anabwerera kwa amalume ake ku Chinakanaka. Pano anayambiranso kunyamula katundu pa Likhubula. Alendo amamukonda chifukwa sadandaula kulemera kwa chikwama. Zosema anasiya, mpeni anapatsa mnzake.

Kamodzi pamwezi amakwera minibasi, n'kutsika pamsewu, n'kuyenda wapansi mpaka kukhwawa kuja. Udzu wamera tsopano pakati pa miyala, ndipo ena ayamba kubzala chinangwa m'mbali. Amazula udzu kuzungulira miyendo isanu ndi umodzi ija, amamanga waya pamene lata lamasuka. Nthawi zina amapeza kuti wina wasiya kanthu pansi pa mutu, chipeso kapena kapu, popanda dzina. Amakasunga m'thumba mpaka atapeza simenti. Akamaliza amakhala pathanthwe n'kudya chinangwa chophika chimene watenga, ndipo dzuwa likapendeka amanyamuka kuti akapeze minibasi.