Diresi Lobisa Kuonda Kwanga

Chaka chimene anandipeza ndi matenda a shuga, madiresi anga onse anayamba kundikulira. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga woyamba, ndi namwino pachipatala cha ku Edmonton, dera la mumzinda wa London kumene tikukhala, ndipo ndi iye anatenga udindo wa mbale yanga. Anachepetsa mafuta, anachotsa shuga patebulo, ndipo akaweruka ankayenda nane mpaka kupaki. Dokotala ataona sikelo anandiyamikira. Chibadwire ndinali ndisanayamikiridwepo chifukwa choonda.

Madiresiwo ndinkapita nawo kwa telala wina, mayi wochokera ku Iran, amene anali ndi kashopu pafupi ndi siteshoni ya sitima. Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo ankaopa kukhumudwitsa makasitomala powayeza thupi. Atadziwa kuti ndinafika kusekondale, anayamba kundifunsa mawu, mapini ali kukamwa. Ndinamuphunzitsa kuti mayi wathupi asamutchule kuti fat. Anene kuti curvy, kapena angotchula saizi n'kukhala chete. Slim ndi kuyamikira, skinny ndi kunyoza, frail ndi mawu a odwala ndi okalamba.

"Nanga inu, Mama, mawu anu ndi ati?" anandifunsa tsiku lina.

"Kuno ndine slim," ndinayankha. "Kwathu ndine maliro odikira tsiku."

Iye anaseka, koma ine sindinanene zoseketsa. Ife amene tinaika abale m'manda m'zaka za matenda aja timaona thupi ndi maso ena. Munthu akaonda sitimufunsa, timayamba kunong'onezana ndi kufunafuna wolakwa.

Chithunzi cha pa ubatizo wa mdzukulu wanga chitafika pagulu la pafoni la banja lathu, mkulu wanga wa ku Lilongwe anandiimbira.

"Mng'ono wanga, usandibisire. Mkazi uja akukumana chakudya?"

"Ayi, achemwali, ndi lamulo la dokotala."

"Dokotala wake ndi iyeyo. Mafupa a m'khosi kuonekera chotero uli m'nyumba ya mwana wobereka wekha? Ife tikudya bonya kuno, koma masaya alipo."

Ndinafotokoza mwaulemu, pakuti ndi akulu anga. Sizinamveke. Mpongozi wangayo kwawo ndi ku Chipata, ndipo kwa abale anga anali mlendo kuyambira tsiku la ukwati wake. Pagulu lija anasiya kuyankha moni wake. Iye anaziona.

Kenaka kunabwera ukwati wa mdzukulu wa achemwaliwo, ndipo tonse tinayenera kupita. Ndinkafuna kuyeretsa dzina la mpongozi wanga. Ndinapita kwa telala uja ndi nsalu ya ukwatiwo, n'kumupempha kuti aike siponji m'mapewa ndi m'chiuno, ndi nsalu yokhuthala mkati.

"Azimayi onse amabwera kuti ndiwachepetse," anatero. "Inu nokha mukufuna ndikuwonjezereni. Ndani akukuvutitsani?"

"Abale."

Sanafunsenso. Anasoka mwaluso, moti pagalasi ndinaoneka monga ndinalili kale. Mpongozi wanga sindinamuuze, poopa kuti adziwa kukula kwa zimene ankanenedwa.

Ukwatiwo unachitika m'nyengo yotentha, ndipo ndinatuluka thukuta kuyambira kutchalitchi. Komabe mbali yoyamba zinayenda. Azimayi ankati, "Koma mwabwerera mwakale, zithunzi zimanama." Ndinaona mpongozi wanga akumwetulira koyamba chifikireni. Pa phwando achemwali anandikumbatira. Dzanja lawo linaima paphewa panga, linafinya, n'kufinyanso.

"Tabwerani muone," anaitana azimayi anzawo. "Mpaka kumuveka masiponji kuti ife tisaone. Anamwino a ku London ndi ochenjera."

Ndinaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti diresilo ndinasoketsa ndekha, mwanayu osadziwa. Anagwedeza mitu mondimvera chisoni, monga amachitira ndi nkhalamba imene ikuikira kumbuyo woizunza. Azakhali ena anandidzazira mbale ndi mpunga ndi nyama yonona, n'kuima pomwepo kuti aone ndikudya. Mpongozi wanga anali chapatali, ndipo anayang'ana mbaleyo, kenaka anayang'ana pansi. Ndinadya, chifukwa kukana kukanakhala umboni wina womutsutsa.

M'ndege pobwerera mpongozi wanga ananena mawu ochepa okha: "Amayi, mukanandiuza."

Shuga wanga anatsika ndipo sanakwerenso. Mwanayu amandiphikirabe monga kale, amandiperekezabe kuchipatala, koma pagulu la banja anachokapo, ndipo wanena kuti ana ake sadzapondanso ku Lilongwe. Mwana wanga sanamutsutse, inenso ndilibe pakamwa pomutsutsira. Abale anga amaimbabe Lamulungu lililonse kufunsa ngati ndadya, ndipo amafunsa motsitsa mawu.