Bambo Eliya Sanamuletse Ennie

Ku Mufakose, komboni ya mumzinda waukulu kudziko la Ashona, Bambo Eliya Mbewe ankadziwika kuti Profesa, ngakhale sukulu analekezera panjira. Ankagwira ntchito pafakitale ya nsapato cha ku Lochinvar, koma Loweruka masana ankakhala pabenchi kuseri kwa msika, anthu atawazungulira, akutsutsana za boma, za tchalitchi, za malobola.

Mfundo yawo inali imodzi: munthu aliyense ndi mwini wa moyo wake, bola asapweteke mnzake. Anaitola pakhomo pa makolo awo. Bambo awo, ochokera ku Dedza, anachotsedwa ntchito pafamu ya fodya chifukwa chofunsa funso pamsonkhano, ndipo Eliya sanaiwale tsiku limene anasenza mphasa kuchoka pafamupo. Mayi awo anali Msilamu, bambowo Mkhristu, koma palibe anakokera mnzake kwake. Zina anazipeza m'mabuku akale amene ankabwereka kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito.

Fakitale itatsekedwa, Ennie, mwana wawo mmodzi yekhayo, anati akupita ku Joni ndi mnyamata wina woyendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu. Mayi Rosa, akazi awo a Eliya, anakana.

"Bambo a Ennie, muletseni. Inu amakumverani."

Bambo Eliya anamuitana mwanayo n'kumuuza zonse zimene ankaopa. Ennie anayankha m'Chishona, monga mwa nthawi zonse, kuti wamva koma apitabe.

"Ndiwe wamkulu," anatero bambowo. "Sindikugwirizana nazo, koma moyo ndi wako."

Anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi.

Chaka chisanathe, uthenga unafika kuti Ennie wafa pamoto umene unapsereza zisakasa kumene ankakhala. Bokosi linabwera lokhomerera, ndipo palibe anaona nkhope.

Pamaliro Mayi Rosa sanakuwe. Anangowayang'ana amuna awo n'kunena kuti, "Mukanangoti ayi, akanakhala."

Lendi itawakanika, anasamukira ku Epworth, dera la osauka kunja kwa mzinda, m'kachipinda kamodzi. Mayi Rosa amagulitsa tomato pamsewu; Bambo Eliya amasoka nsapato pansi pa mtengo, osalankhula zambiri. Kingston, mnzawo wakale wa kufakitale, atabwera kudzawaona anawafunsa mosabisa ngati asintha maganizo.

Bambo Eliya anakoka ulusi pansapato n'kuyankha.

"Ndikanamuletsa, bwenzi ali moyo. Komanso sizinali kwa ine kumuletsa. Zonse ziwiri ndi zoona, Kingston. Ndayesetsa kuti chimodzi chikhale bodza, zakanika."

Mayi Rosa amawaphikirabe, amawachapira, koma sanawaitanenso kuti Bambo a Ennie.